Sopo sadya oyilo

Amalume anga ali ndi galaja kumunsi kwa tauni ya Chipata, pomwe nthaka imayamba kupendekera ku Lunkhwakwa. Si galaja yapamwamba. Pali mthunzi wa malata, dzenje lolowamo munthu akafuna kuona kumimba kwa galimoto, ndi anyamata atatu amene akuphunzira ntchito. Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinapita ndi njinga yanga yamoto kuti akaione tcheni, ndipo podikira ndinakhala pa tayala n'kumaonerera mnyamata wina akutsuka zitsulo za injini m'beseni. Madziwo anali ndi oyilo wakuda woyandama pamwamba. Mnyamatayo anatapa sopo, n'kuvundula ndi dzanja. Mwakanthawi kochepa chikuda chija chinazimirira, madzi onse anayera mbuu ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Ananyamula beseni, khuthu m'ngalande.

Ndinafunsa kuti, "Amalume, oyilo uja wapita kuti?"

Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Sopo wadya, mphwanga. Suona kuti madzi ayera?"

Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo yankho limenelo linandikhala pamtima sabata yonse. Amalume si munthu wosasamala. Oyilo wakutha amene amakhetsa m'injini amamusunga m'dramu, ndipo anthu akumudzi amabwera kudzatenga kuti akapake mitengo ya khola kuopa chiswe. Sangalole kuti mnyamata atayire oyilo wakuda m'ngalande iwo akuona. Koma madzi oyera aja ankawayesa osalakwa, chifukwa maso awo ankawauza choncho. Chikhalirecho oyilo yense anali momwemo. Sopo anangomuswa kukhala timadontho tosaoneka, n'kutiveka kuti tisakumanenso.

Chinthu chimenechi m'Chingerezi amati emulsion, ndipo ngakhale dzinalo ndi lachilendo, ife timachidziwa bwino kuposa mmene timaganizira. Mayi akasungunula nsinjiro m'madzi kuti atendere chibwabwa, madzi aja amayera. Pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, koma simuwaona akuyandama mumphika chifukwa ali m'timadontho tokutidwa ndi mapuloteni a mtedza womwewo. Mkaka wa ng'ombe ndi chimodzimodzi. Amakaniko nawo ali ndi emulsion yawo imene amaiopa: gasiketi ikapsa, madzi amalowa mu oyilo, ndipo ukasolola kachitsulo koyezera umapeza phala lotuwa. Pamenepo ndiye kuti timadontho ta madzi tatsekeredwa m'mafuta. M'beseni muja zinali mosemphana, timadontho ta mafuta m'madzi. Sopo amatha kuchita zimenezi chifukwa molekyu yake, kachidutswa kochepetsetsa ka sopoyo, ili ndi mbali ziwiri. Mchira umakonda mafuta, mutu umakonda madzi. Michira imabaya kadontho ka oyilo, mitu n'kuyang'ana kunja, ndipo kadontho kalikonse kamakhala ndi mpanda wake. Kawirikawiri mpandawo umakhala ndi chaji ya magetsi ya negativi, ndiye timadontho tikayandikana timakankhana, monga zimachitira mbali zofanana za maginito.

Wina anganene kuti ingowasiyani madziwo adikhe, mafuta adzakwera okha. Apa mpamene masamu amandiwawa. George Stokes anasonyeza mu 1851 kuti liwiro limene kanthu kobulungira kamakwerera kapena kumirira m'madzi limadalira kukula kwake kutachulukitsidwa ndi kukula komweko. Kadontho kakachepa kakhumi, kamachedwa ka 100. Ndinakhala pansi n'kuwerengera ndi oyilo wa injini. Dontho lalikulu ma micron 150 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pafupifupi kawiri kunenepa kwa tsitsi, limakwera m'ndowa ya masentimita 30 pa mphindi zitatu kapena zinayi. Kadontho ka micron imodzi ndi theka n'kochepa ka 100, choncho kamachedwa ka 10,000. Ulendo womwewo ungakatengere masabata oposa atatu, ndipo apo n'kuti madzi ali zii, palibe wowagwedeza, dzuwa silikuwatenthetsa mbali imodzi. Madzi a m'ngalande sadikira masabata atatu. Mvula yoyamba ikagwa amatsikira kumtsinje, amadutsa m'madimba momwe anthu amathirira repu ndi matimati amene timagula ku Kapata, ndipo oyilo wakutha si mafuta wamba. Amanyamula tizitsulo toperepeseka m'injini ndi zotsalira za mafuta opsa, zina mwa izo zodziwika kuti zimayambitsa khansa.

Vuto lomweli ndi limene limasowetsa tulo makampani akuluakulu okumba mafuta. Chitsime cha mafuta sichitulutsa mafuta okha, chimatulutsanso madzi amchere, ndipo chikamakalamba madziwo amachuluka kuposa mafuta enieniwo. Matanki awo olekanitsira amagwira bwino madontho a ma micron 150 kupita m'mwamba, koma totsalira tating'ono timadutsa. Ku North Sea, nyanja ya ku Ulaya, malamulo salola kutayira m'nyanja madzi okhala ndi mafuta oposa mamiligalamu 30 pa lita. Kuno ku Zambia tilibe zitsime zotero. Mafuta athu amabwera pa malole ndi pa paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba kugwira ntchito mu 1968. Koma kulikonse kumene mafuta afika, madzi amkakawa amafikanso: potsukira magalimoto, m'magalaja a m'mbali mwa Great East Road, poyengera mafuta a mpendadzuwa ndi thonje, ngakhale kuseri kwa malo okazingira tchipisi.

Pofufuza mmene ena amathetsera zimenezi ndinakumana ndi njira imene inandibwezera ku ubwana wanga.

Tili ana ku Katete, chuma chachikulu cha mnyamata chinali maginito a sipika ya wailesi yakufa. Tinkawamangirira chingwe n'kumawakoka mumchenga wa mumsewu mvula ikakata, makamaka m'mizere yakuda imene madzi othamanga amasiya. Maginito ankatuluka atamera ndevu zakuda. Tinkazipukuta papepala, n'kumayendetsa maginito kunsi kwa pepalalo kuti ndevuzo zivine. Sitinkadziwa kuti mchenga wakudawo, wambiri mwa iwo, ndi mwala wotchedwa magnetite, mbale wake wa dzimbiri: maatomu atatu a chitsulo pa maatomu anayi a okosijeni. Ndiye taganizani kudabwa kwanga nditawerenga kuti mwala womwewo, ukachepetsedwa mpaka kusaoneka n'kuvekedwa chovala choyenera, ungatulutse mafuta m'madzi amkaka aja.

Kuchepa kwake n'kovuta kukuyerekeza. Tengani milimita imodzi pa rula, muigawe magawo 1,000,000. Gawo limodzi ndilo nanomita. Tsitsi la munthu limanenepa ma nanomita pafupifupi 80,000. Tinjere timene akatswiri akunena, ma nanoparticle, timakhala ma nanomita 10 kapena 20. Kuchepa kotere kumabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba n'chosavuta: mukatenga kanjere ka milimita imodzi n'kukaphwanya kukhala tinjere ta ma nanomita 10, kulemera sikusintha, koma khungu lokhudzana ndi madzi limachuluka ka 100,000. Supuni imodzi imakhala ndi manja osawerengeka ogwirira mafuta. Chachiwiri ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri. Msomali ukaukhutiza pa maginito, umatsala ndi mphamvu pang'ono, umatha kunyamula singano. Tinjere ta magnetite tikachepa kufika cha m'ma nanomita 20 kutsika pansi, sitisunga mphamvu motero. Maginito akakhala pafupi timakokeka mwamphamvu, akachoka timaiwala nthawi yomweyo, chifukwa kutentha kwa wamba kokha n'kokwanira kumatembenuzatembenuza kumene kanjere kakuloza. Dzina lake ndi superparamagnetism. Popanda khalidwe limeneli tinjereto tikanagwirana tokhatokha kukhala chibuluma tisanagwire ntchito, ndipo tikanakhala togwiritsa ntchito kamodzi kokha. Chifukwa cha khalidweli mungathe kutimwaza m'madzi, kutisonkhanitsa ndi maginito, kutitsuka, n'kutimwazanso.

Akatswiri sapera mwala kuti afike pamenepo, ngakhale Steve Papell wa ku NASA anachitadi zimenezo mu 1963. Iye anapera magnetite kwa nthawi yaitali m'mafuta, pofuna kupeza njira yokokera mafuta a roketi ndi maginito kumalo kopanda mphamvu yokokera zinthu pansi. Madzi akuda omvera maginito amene anapanga, ferrofluid, masiku ano amapezeka m'masipika ena, momwe amathandiza kuziziritsa koyilo. Njira yofala tsopano ndi imene René Massart wa ku France anafotokoza mu 1981. Mumasungunula mchere wa chitsulo wa mitundu iwiri, gawo limodzi la wina pa magawo awiri a unzake, n'kuthiramo amoniya uku mukuvundula. Madzi achikasu amada bii pomwepo. Si njira yofuna makina a mamiliyoni, ndipo labu ya yunivesite iliyonse ingaichite.

Koma kanjere kamaliseche sikathandiza kwenikweni. Kamakonda madzi, mafuta sikawalabadira, mpweya umakasintha pang'onopang'ono, asidi amakasungunula. Nzeru yonse ili pa chovala, ndipo apa mpamene ndinakhalitsa powerenga, chifukwa chovala chilichonse ndi yankho la funso lakelake.

Chovala chakale kwambiri ndi oleic acid, mafuta amene ali ochuluka m'mafuta a mtedza wathu womwewu. Mutu wake umaluma chitsulo, mchira wake wautali n'kutsala ukulendewera kunja, ndipo kanjere kamasanduka kodana ndi madzi. Kakaponyedwa m'madzi osakanikirana ndi oyilo kamathawira m'mafuta, ndipo mafutawo amakhala ngati ameza mbedza. Chovala china chimagwiritsa ntchito chaji. Paja timadontho ta mafuta tili ndi negativi. Mukaveka tinjere mankhwala a gulu la amine, amene m'madzi amakhala ndi pozitivi, timathamangira pa kadontho n'kukamatirira. Zikatero zinthu ziwiri zimachitika pamodzi. Mpanda wokankhana uja umagwa, timadontho timayamba kugundana n'kuphatikana, komanso kadontho kalikonse kamakhala katanyamula chitsulo. Gulu la Hugh Daigle ndi Saebom Ko ku University of Texas ku Austin linafalitsa ntchito yotere mu 2017, poyesa madzi ofanana ndi otuluka m'zitsime za mafuta. Ena amayamba amata tinjere ndi silica, chinthu chomwe chimapanga mchenga woyera ndi galasi, kuti asidi asatidye, kenako n'kumangirira chovala chachiwiri pamwamba pake. Ena amagwiritsa ntchito chitosan, wochokera ku zikamba za nkhanu ndi tizilombo tina ta m'nyanja.

Chovala chimene chinandichititsa chidwi koposa ndi chosakonda kwenikweni mafuta kapena madzi, chokonda malire a ziwirizi. Walter Ramsden mu 1903 ndi Spencer Pickering mu 1907 anaona kuti fumbi losalala limatha kukhazikika pakhungu la kadontho n'kukanirira pomwepo. Kwa zaka zambiri izi zinkadziwika ngati njira yolimbitsira emulsion, ndipo n'chifukwa chake madzi a m'galaja, okhala ndi dothi ndi mwaye, amavuta kulekanitsa kuposa osakaniza m'kalasi. Akatswiri anangotembenuza nkhaniyo: ngati fumbi limakanirira pakhungu la kadontho, bwanji fumbilo likhale lomvera maginito? Ku University of Alberta ku Canada, kumene amachotsa phula mumchenga, gulu la Zhenghe Xu linaveka magnetite ndi ethyl cellulose, mankhwala ochokera ku ulusi wa zomera, cha m'ma 2012. Vuto lawo linali ngati la gasiketi yakupsa, timadontho ta madzi totsekeredwa m'phula. Tinjereto tinkapita pakhungu la timadontho ta madzi, n'kukankha zimene zinali kutiteteza, ndipo maginito ankakokera madziwo pansi. Chaka chomwecho Markus Zahn ndi Alan Hatton a ku yunivesite ya MIT ku America anafotokoza maganizo ogwiritsa ntchito njira yofanana pa mafuta otayikira m'nyanja. Apo n'kuti dziko likukumbukirabe ngozi ya Deepwater Horizon ya mu Epulo 2010, imene inapha anthu 11 ndipo mafuta anatuluka masiku 87.

Muone chimene chasintha apa. Kale tinkadikira kuti kadontho kakwere kokha chifukwa n'kopepuka pang'ono kuposa madzi, ndipo Stokes anatiuza kuti tidikira masabata. Tsopano tikukakoka ndi mphamvu imene tingaikulitse ife eni. Zimene zikanatenga masabata zimatenga mphindi.

Sindikanatha kungowerenga osayesa. Ndinatenga ana anayi a giredi 11, tinapita kukakoka mchenga wakuda ndi maginito amphamvu ochotsa mu hard drive ya kompyuta yakufa, titawakulunga m'pulasitiki kuti ndevu zisakanirire. Tinausinja mumtondo wachitsulo, tinausefa pansalu, ndipo gawo lina tinalipaka timafuta ta mtedza. M'botolo loyamba tinaika madzi ndi oyilo woyandama, wopanda sopo. Ufa wopaka mafuta uja unamatirira mu oyilo, ndipo titayendetsa maginito m'mbali mwa botolo, chikuda chinatsatira n'kukwera khoma la galasi. Anawo anakuwa, ndipo inenso mtima unagunda. M'botolo lachiwiri tinaika madzi amkaka ochokera kwa amalume. Tinathira ufa, tinakhutchumula, tinaika maginito. Ufa wonse unabwera ku maginito. Madzi anatsala oyera mbuu monga analili.

Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti za m'mabuku zija n'zabodza?" Ndinamuuza kuti ayi, botolo lachiwirili ndi limene latiphunzitsa zoona. Ufa wathu, ngakhale tinausinja mpaka mikono kuwawa, kanjere kake kamodzi kanali kakakulu kuposa timadontho timene tinkafuna kugwira, ndipo unkamira usanakumane nato. Komanso mafuta a mtedza amene tinapaka sanali omangirira pa chitsulo. Sopo wa m'madzimo anangowasuka monga anasukira zitsulo za injini. Kuchepa ndi chovala chogwira zolimba si zokometsera chabe, ndizo njirayo.

Ndili ndi nkhawa zanga pa luso limeneli, ndipo sindizibisa chifukwa choti ndalikonda. Mphamvu ya maginito imafooka msanga mukangotalikira pang'ono. M'botolo zonse zimaoneka zosavuta chifukwa palibe kadontho kali kutali ndi khoma, koma m'thanki ya malita masauzande pamafunika kuti madzi adutse m'timipata topapatiza pakati pa maginito ambiri, kapena m'ubweya wachitsulo woikidwa pakati pa maginito. Mchere wambiri, kapena kusintha kwa asidi m'madzi, kumafooketsa zovala zodalira chaji. Kutsuka tinjere kuti tigwirenso ntchito kumafuna mankhwala monga ethanol, ndipo mankhwala otsukirawo nawonso amafuna kopita. Njirayi imachotsa timadontho, koma zimene zasungunukiratu m'madzi, kuphatikizapo sopo wotsala, zambiri zimadutsa. Ndipo funso limene limandivuta kwambiri ndi la tinjere tothawa. Magnetite payekha si poizoni woopsa, moti ku America mankhwala ena a anthu ochepa magazi, ovomerezedwa mu 2009, ndi tinjere ta chitsulo totere tovekedwa mtundu wa shuga. Koma kanjere kovala mankhwala opangidwira kumata pa chilichonse cha negativi kakathawira mumtsinje, kadzamatanso pa makha a nsomba ndi pa tizilombo ta m'madzi. Aliyense wodzabwera kudzatigulitsa luso limeneli ndidzamufunsa kaye kuti pa kilogalamu imene wathira, amabweza yochuluka bwanji. Ntchito zambiri zimene ndawerenga zikadali za m'labu, ndipo sindiyembekezera kuona thumba la tinjereti pa shelefu ku Down Shops posachedwa.

Komabe sindikuona chifukwa choti tizingodikira kuti ena atipangire. Mchere wa chitsulo ndi wotsika mtengo. Oleic acid tili naye m'minda, chigawo chathu chino ndicho nkhokwe ya mtedza m'Zambia, ndipo ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi, akhala akufufuza za mbewu imeneyi kwa zaka zambiri. Lamulo la zachilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa ZEMA, bungwe loyang'anira zachilengedwe, limaletsa kale kutayira zoipitsa m'madzi. Chimene ndimalakalaka n'chakuti wophunzira wina wa chemistry wochokera kuno atenge madzi enieni a m'magalaja athu, okhala ndi dothi lofiira la Chipata ndi sopo amene anyamata athu amagwiritsa ntchito, ayese kuti ndi chovala chiti chingagwire. Madzi a ku Texas si madzi athu. Yankho la funso limenelo palibe adzatilembere kunja.

Ndinabwerera kwa amalume ndi mabotolo awiri aja, ndi lachitatu la madzi amkaka omwewo limene ndinathiramo mchere wambiri wa m'khitchini n'kulisiya masiku awiri. Mchere umafooketsa kukankhana kwa timadontho, ndipo m'botolo limenelo munali mutayamba kuoneka mzere wakuda pamwamba pa madzi otuwa. Ndinawapatsa osanena kanthu. Analitembenuza, analiyang'anitsa padzuwa, kenako anatsegula n'kuviika chala. Chinatuluka chakuda.

"Uyu wachokera kuti?"

"Ndi yemwe uja munati sopo wadya, amalume."

Anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta chala pa ovolosi. Kenako anayamba kundifunsa mafunso a mmisiri, ofuna kudziwa chochita Lolemba m'mawa. Za ma nanomita anamvetsera mwaulemu, koma chimene anagwira ndi chakuti oyilo woyandama ndi wosavuta kuwengula, ndipo amavuta pokhapokha akakumana ndi sopo. Tsopano chitsulo chikachoka m'injini chimayamba chapukutidwa ndi utuchi wochokera kwa akalipentala oyandikana nawo, sopo amabwera pomaliza. Madzi otsukira sapitanso m'ngalande mwachindunji. Amathiridwa m'dramu limene anaboola cham'munsi n'kulumikiza paipi yopita m'dramu lachiwiri, kuti zoyandama zizitsala m'loyamba, ndipo Loweruka lililonse mnyamata amawengula ndi chitini. Madzi otuluka m'dramu lachiwiri akadali otuwa. Amalume amadziwa tsopano kuti kutuwako n'chiyani, ndipo sakondwa nako.

Maginito a mu hard drive aja anandilanda. Anawamata m'mbali mwa dramu lachiwiri, cham'kati, ndipo amati akawachotsa amapeza atamera ndevu za tizitsulo ta m'injini. Nditapita komaliza anandiitanira kuseri, n'kundilozera madzi otuwawo.

"Ufa wako uja ukadzapezeka, mphwanga, udzayambire dramu ili."